Komwe Inkalowera Galimoto Ija

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku lomwe ndinabwerera kunyumba ndi kaunjika yense amene ndinapita naye pamsika wa Bangwe, osagulitsa ngakhale sokosi imodzi. Ndinawapeza achimwene anga, a Daisoni, akupukuta fumbi pa sikirini m'chisakasa chawo choonetseramo mafilimu. Nditawauza, anapitiriza kupukuta malo oyera kale.

"Bambo anatsanzika chomwechi," anatero.

"Ine si bambo. Zaka ziwiri basi, ndabwera."

Bambo athu anapita ku Joni ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo anatchona. Mayi atamwalira, anandilera ndi achimwene, ndipo chomwe chinkatidyetsa ndi chisakasa chimenecho, cha malata akale ndi masaka, chokhala ndi mabenchi asanu ndi atatu. Matepi a mafilimu otchuka a ku America anali odula, ndiye iwo ankagula otchipa kwa bambo wina wochokera ku Mozambique. Imodzi mwa matepiwo ndi imene inandilowa m'magazi.

Mufilimuyo dziko linali litapsa ndi nkhondo, kwatsala fumbi lokhalokha. Amuna ankavala zikopa ndi zidutswa za matayala m'mapewa, n'kumathamangitsana pa magalimoto okhomerera misomali, kulimbirana madzi. Chiyankhulo chake palibe ankachimva mu Bangwe yense. Achimwene ankatsitsa mawu, n'kutenga maikolofoni, n'kumafotokoza okha. Chimphona chometa mpala chikatulukira, iwo ankati, "Landilodi uyo, wamva kuti mwagula nyama." Anthu ankaseka mpaka kugwa pa benchi. Koma pamapeto, ngwazi ya filimuyo ikakwera galimoto yokha n'kumalowera m'chipululu, achimwene ankatsitsa mawu awo.

"Basi anthu inu, ntchito yatha. Akupita kwawo ameneyo. Ali ndi mwana wamkazi, akumudikira pakhomo."

Ndinaionera kosawerengeka, ndili pa benchi lakutsogolo, ndipo nthawi zonse ndinkatuluka mtima uli m'malo.

Zaka ziwiri zija zinasanduka khumi ndi chimodzi. Ndinakolopa m'nyumba za anthu, ndinachapa, ndinalera ana a eni mpaka ena kumanditcha mayi. Pomaliza ndinapeza ntchito yosamalira mkulu wina wobadwira ku Italy, amene miyendo inali itamukana. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, pamenepo palibe angandinene. Koma Lamlungu masana, aliyense ali ndi abale ake, ine ndinkakhala pabedi n'kumamvetsera mauthenga a mawu a achimwene, akalekale omwe, kuti ndingomva munthu akunditchula dzina mmene limatchulidwira. Uthenga uliwonse unkathera pamodzi: "Aginesi, ubwera liti?" Ine ndinkati Disembala. Mapepala anga anali atatha kalekale, ndipo ndinkadziwa kuti ndikangotuluka, chipata chitsekeka kumbuyo kwanga. Disembala wangayo sankafika.

Tsiku lina masana mkulu uja ankasakasaka choonera pa TV, ine ndikubwera ndi khofi. Ndinangoona chimphona chometa mpala chija. Kapu inatsala pang'ono kundipulumuka.

"Imani pomwepo," ndinatero. "Ndikuidziwa imeneyo."

Anaseka mpaka kutsokomola. Anati mafilimu amenewa ankapangidwa kwawo, mothamanga, ndi ndalama zochepa, potsanzira a ku America amene anali atatchuka. Chipululu chija ndi malo okumba miyala kunja kwa tauni, magalimoto aja otola kotaya zitsulo. Zimenezo sizinandipweteke. Ndinagulitsapo kaunjika ine, ndikudziwa kuti juzi yotsanzira nayonso imathetsa kuzizira. Tinaionera mpaka pomwe ngwazi ikukwera galimoto.

"Akupita kwa mwana wake," ndinatero, monyadira kuti nanenso ndikudziwa kanthu.

"Mwana uti?"

Anabweza pang'ono n'kundimasulira. Mayi wina akumufunsa kuti akupita kuti. Iye akuyankha kuti alibe kwawo, alibe aliyense, akaima pomwe mafuta akamuthere.

Ndinakwiya ngati mwana, mayi wamkulu ndithu. Ndinalowa m'kachipinda kanga n'kulira, osati chifukwa cha filimu, koma chifukwa ndinazindikira kuti zaka zonsezi, penapake mumtima, ndinkayembekezabe galimoto ya bambo. Ndipo amene anandipatsa chiyembekezo chimenecho anangochipeka. Kwa milungu itatu mauthenga ochokera ku Bangwe ndinkangowayang'ana osawatsegula. Tsiku lomwe ndinatsegula, anali mawu a alamu anga, akazi a achimwene. Anati achimwene anagwa kubafa, mbali imodzi yafooka, pakamwa papotoka, ndipo akumanditchula.

Ndinakwera basi sabata yomweyo. Pa boda anandidinda chidindo chomwe ndinkachiopa zaka zonse zija, ndipo ndinadabwa kuti sichinandipweteke.

Ku Bangwe ndinapeza chisakasa chija chili tchalitchi, mabenchi ake omwe aja. Mafilimu masiku ano aliyense ali nawo m'thumba. Achimwene ndinawapeza pakhonde, pampando wapulasitiki, ataonda, dzanja lamanja lili pamwendo ngati la munthu wina. Munthu amene ankayankhulira anthu khumi a mufilimu nthawi imodzi tsopano mawu ankachita kuwakoka limodzilimodzi. Tinalira, alamu analira, anthu oyandikana nawo anabwera kudzaona mtchona n'kubalalika. Titatsala awiri, ndinatulutsa foni. Filimu ija ndinali nditaiikamo.

Anaizindikira msanga. Chimphona chitatulukira, anakweza chala. "Landilodi," anatero, ndipo tinaseka.

Ndinadikira mpaka chakumapeto.

"Achimwene, munatinamiza. Munthuyu alibe mwana. Alibe ngakhale kwawo. Ndinachita kumasuliridwa ndi mwini chiyankhulo."

"Ndinkadziwa."

"Munkadziwa bwanji? Chitaliyana munachiphunzira kuti?"

Anapukuta pakamwa ndi dzanja labwinolo. "Wopita kwawo amaoneka, Aginesi. Amanyamula kanthu. Uyu taona, ngakhale paketi ya shuga alibe."

"Nanga munkanameranji?"



"Unkakhala kutsogolo. Galimoto ikamapita, iwe sunkaona filimu, unkandiyang'ana ine. Ndikanati chiyani?"

Ndinali nditabwera ndi mlandu wanga kuchokera kutali, ndipo unandithera m'manja. Ndinaganiza za mnyamata wazaka makumi awiri amene nayenso bambo ake anali atamusiya, koma analibe womunamiza. Kenako ndinamusiya inenso, zaka khumi ndi chimodzi, akufunsa funso limodzimodzi.

Pa foni ngwazi ija inakwera galimoto, fumbi n'kuyamba kuimeza.

"Nenani mawu aja," ndinawapempha. "Kamodzi kokha."

Sanayang'ane foni. Maso awo anali pa chikwama changa chamizeremizere chomwe chinali pakhomo, zipi itang'ambika, mapaketi a shuga akusuzumira.

"Musiye azipita ameneyo," anatero. "Amene ndinkadikira ine wafika. Kawauze alamu ako atereke madzi a tiyi."