Alendo amene sanapatsidwe mphasa

Lero, pofunafuna chikalata cha munda m'sutukesi momwe ndimasungamo mapepala anga onse, ndapeza tikiti ya kanema woyamba amene ndinaonera. Chiswe chayidya m'mbali, ndipo zandipsetsa mtima.

Anationetsa masana m'holo ya mishoni, mazenera ataphimbidwa ndi masaka onunkha usipa. Amalume anandikhazika pamiyendo pawo. Pachinsalu panatsika chombo chonga mbale, mwakachetechete, chowala ngati nyali zonse za asodzi zasonkhana pamodzi. M'chombomo munatuluka alendo aataliatali ochokera ku nyenyezi, ali ndi wamng'ono mmodzi pakati pawo. Koma manja awo anali a mphira, mpaka ulusi wosokera unkaoneka!

Asilikali anawaombera osawafunsa kanthu.

"Anthu awa analeredwa kuti?" amalume anakalipa. "Mlendo wafika, osamuyalira mphasa, osamupatsa madzi? Nyamuka, tizipita!"

"Amalume, wamng'ono uja sanafe," ndinawachonderera nditagwira malaya awo.

Anaima, kenako anayang'ananso chinsalu. Kamlendoko kankayenda kokha m'mphepete mwa madzi, kakutsimphina, kuwala kwake kukuzilala pang'onopang'ono.

"Chabwino," ananong'ona akukhalanso pansi. "Tione ngati alipo wolongosoka woti akaitanire kunyumba."