Chitini cha koko cha alamu anga

Bambo anabwera kuchokera ku Joni ndi sutikesi yachitsulo, jekete lalitali ndi makutu akufa. Akuti mwala unaphulika pafupi nawo pansi pa mgodi. Nthawi imeneyo ine ndinali kamwana koweta mbuzi. Khutu lakumanzere lokha ndi limene linatsala ndi kamoyo pang'ono, ndipo amayi ankachita kukuwiramo. Ine zimenezo zinkandikanika. Mwana ungakuwire bwanji bambo ako ngati ukuingitsa nkhuku pamphale? Ndiye ndinkangowakodola ndi manja, ndipo tinakhala choncho mpaka ndinamera ndevu.

Za mawaya ndinaziyamba ndekha nditasiya sukulu. Pa Kandeu panali bambo wina wachisilamu wa sitolo, amene anthu ankamusiyira mawailesi akufa, ndipo olephereka aja ankandipatsa ine. Tsiku la msika ndinkalawirira, khadi la chipani m'thumba, poti popanda ilo anyamata a pachipata akanandibweza. Pobwerera ndinkaphwasula mawailesiwo, kuzula matransista ndi tizida tina, n'kuzilumikiza m'chitini cha koko pamodzi ndi mabatire. Imeneyo ndiyo inali ampulifaya yanga, kachipangizo kokweza mawu kuti amveke bwino m'mahedifoni. Chowotcherera ndinalibe. Ndinkakhomera msomali waukulu pakamtengo, kuuika pamakala, ukafiira n'kusungunula nawo mtovu. Zipsera zake zili m'zalamu mpaka pano.

Anthu ankati ndi masewera, koma ine ndinali ndi cholinga changa. Ndinkafuna kulumikizako kamaikolofoni, ndiwaveke bambo mahedifoni, amve munthu akulankhula popanda kukuwa. Ndipo ndinkafuna kuti wochita zimenezo ndikhale ine, mwana wawo wamwamuna mmodzi yekha.

Kenako mlongo wanga anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Biriwiri, ndipo mnyamatayo anabwera kudzamanga pakwathu. Ine ndi iye sukulu tinalekezera kalasi imodzi. Anali munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa, woti ukamufunsa kanthu ankayamba wamwetulira kaye. Tsiku lina anandipeza pakhonde ndikulimbana ndi msomali wanga, nanjuta pambali.

"Alamu, kameneka kamagwira ntchito yanji?"

Ine kukamwa mbwee, kufotokoza zonse. Ndinamuonetsa miyendo itatu ya transista, ndinamupatsa mahedifoni anga akale, ngakhale chitini choyamba ndinamufunira ndine. Ndinamuphunzitsa ndi manja anga awa! Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa anthu a m'mudzimo anaiwala msanga.

Pasanapite nthawi munthu uja anayamba zakezake. Waya uliwonse ankayamba waupala ndi lezala mpaka uwale. Akapita kwawo ankabwerako ndi utomoni wa mitengo ya paini atamanga m'kansanza, ndipo asanadonthezepo mtovu ankapakapo kaye utomoniwo. Kautsi kake kankanunkhira khonde lonse.

"Alamu, mwayamba using'anga kodi?" ndinamuseka.

"Ayi alamu, tangoyesani. Mtovu umagwira bwino."

Asa! Mphunzitsi aphunzire kwa mwana wa sukulu? Ndinakana kwamtuwagalu. Ine ndinali wachangu, madzulo amodzi chitini chatha. Iye waya umodzi ankatha nawo nthawi yoti munthu wapalira mzere wonse wa mbatatesi. Amayi podutsa ankangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha," osatchula amene akumunena. Ndinkamva ndithu kuti mwalawo ukugwera pa ine.

Zitini zanga zinkalankhula, sindikunama, koma mawu ake ankabwera ndi phokoso, ukangogwedeza pang'ono n'kuduka. Cha alamu chinali mbee. Wailesi ikamaimba ngoma, unkamva ngakhale kuponda kwa mapazi. Anyamata amene kale ankadzaza pakhonde panga anasamukira kwa iwo, kulandirana mahedifoni, kugwedeza mitu. Mlongo wanga ndiye anafika ponyanya. Pamtondo, pachitsime, kutchalitchi, nkhani inali "amuna anga, amuna anga," ngati amuna akewo anabadwa ndi transista m'manja. Nsanje inandidya, ndikunena poyera. Ndikamva kuseka kuchokera kunyumba kwawo, mtima unkachita kutentha. Ndinkadzitonthoza kuti asiyeni azisewera ndi nyimbo, ine ndili ndi ntchito yaikulu.

Ndinawayesa bambo ndi zitini zanga kangapo konse. Ankakhala pamphasa atavala jekete lawo lija, kulandira mahedifoni, kudziveka okha, n'kutsinzina. Ine n'kumalankhula pakamaikolofoni. Pakapita kanthawi ankavula, kundibwezera ndi manja awiri.

"Ndikumva njuchi basi, mwana wanga. Koma usaleke."

Mawu akuti usaleke amenewo ankandiwawa kuposa kutukwanidwa.

Lamulungu lina, nyengo yokumba mbatatesi itatha, titaweruka kutchalitchi, alamu anandikodola kuseri kwa nkhokwe. M'manja anali ndi chitini cha koko, kamaikolofoni kali lendee pawaya wautali. Ndinangoti kuona, ndinadziwa kuti ndi cha bambo. Sindinawauzepo cholinga changa, koma munthu wa maso sachita kuuzidwa.

"Alamu, ichi ndamaliza dzulo. Koma mukudziwa inu, ine sindingawagwire kumutu apongozi. Kawavekeni ndinu."

Sananame. Kwathu mkamwini sakhala mphasa imodzi ndi apongozi. Amanjuta chapatali, chipewa m'manja, maso pansi. Za kuwagwira kumutu ndiye musanene n'komwe. Kuwatumizira kudzera mwa akazi awo akanatha, koma mlongo wanga sankadziwa potsegulira. Ndiye onani chipongwe chake: chitini cha mnzanga, wonyamula ine. Ndinafuna kukana, koma ndikananena kuti chifukwa chake n'chiyani? Ndinalandira. Poyenda kupita pakhonde la bambo, mumtima ndinkati, chilire njuchi nachonso, tifanane.

Bambo anatambasula manja kuti alandire monga mwa masiku onse, koma waya unali utapiringizana, ndiye ndinagwada n'kuwaveka ndekha. Aka kanali koyamba kuona pafupi imvi za kuseri kwa makutu awo. Alamu ananjuta uko pafupi ndi nkhokwe. Amayi ndi mlongo wanga anaima pakhomo. Ndinatsegula.

Bambo sanatsinzine. Thadzi linatetera kuseri kwa nyumba, bambo n'kutembenuka kulifunafuna. Amayi anagwira pakamwa.

"Talankhula iwe," anatero bambo.

Zaka zonsezo ndinkakonzekera zodzanena pa tsiku limeneli, koma zonse zinandithawa m'mutu. Ndinangoti, "Bambo, mukundimva?"

Anayang'ana kumanja, nayang'ana kumanzere, ngati pafika mlendo.

"Walankhulayu ndani?"

"Ndine, bambo."

Anandiyang'anitsitsa.

"Mawu ako anakula liti? Ine ndimakudziwa ndi kamawu kaja koitanira mbuzi."

Mayo ine! Misozi inangoti mbwe, ine munthu wandevu, pamaso pa mlongo wanga. Anandiuza kuti ndilankhulenso, ndinalankhula. Anati nditchule mbuzi zathu zakale, ndinatchula. Kenako ananyamula chitini chija, kuchitembenuza, n'kuchinunkhiza.

"Ichi si chako. Chikununkhira utomoni."

Anasendera kumapeto kwa mphasa, n'kuphasa ndi dzanja pamalo potsalapo.

"Akamwini, tabwerani mukhale apa."

Alamu anakana kawiri, kachitatu n'kubwera chokwawa. Anakhala pamphasa ya bambo anga, pamalo pamene ine sindinakhalepo chikulire, ine ndili chigwadire padothi, kamaikolofoni m'manja.

Bambo anakhala ndi moyo nyengo zingapo pambuyo pake, ndipo tinacheza zambiri, za kumgodi, za ng'ombe zimene agogo anali nazo, za mkazi woti ndikwatire. Mabatire ndinkagula ndine, wowaveka m'mawa uliwonse ndinalinso ine. Ndimathokoza, Mulungu akudziwa. Alamu sanadzitamepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo zimenezo n'zimene zinkandipweteka kwambiri, poti ndinasowa powadera.

Masiku ano nanenso ndimapala waya ndi lezala, ndimapaka utomoni, ndipo zitini zanga zimalankhula mbee. Zidzukulu zimandiyamikira. Koma kautsi kaja kakangokwera, ndimaika msomali pansi kaye. Khutu limene ndinkalikonzera linapita kale, ndipo mawu anga onse amene linamva anadutsa m'chitini cha alamu.