Chidebe cha a Verna Dubyk

Zaka zinayi zimene ndinakhala pa yunivesite ndinali golokipa wachiwiri wa timu ya atsikana ya hoke, masewero omenya kampira kaphwatalala ndi ndodo pabwalo la ayezi, madzi oundana. Mukamva kuti golokipa wachiwiri, dziwani kuti ndi munthu amene amavala zida zolemera kuposa aliyense kuti akakhale pabenchi, n'kumatsegulira anzake kachitseko akamalowa ndi kutuluka pa ayezi. Ntchito imeneyi ndinaigwira mokhulupirika. Ubwino wake ndi wakuti wapabenchi amaona zonse, n'chifukwa chake nkhani ya a Verna Dubyk ndimaidziwa kuposa amene ankagoletsa zigoli.

A Verna anabadwira pafamu ya tirigu kumpoto kwa chigawo cha Saskatchewan, m'banja la ana asanu ndi anayi losambira beseni limodzi. Anayamba ndi kuchapa nsalu pachipatala china, ndipo amuna awo atamwalira anabwera kubwalo lathu. Pamene ine ndinkafika n'kuti atatha zaka makumi awiri ndi ziwiri akuchapa majezi, kunola zitsulo za pansi pa nsapato zotsetserekera pa ayezi ndi kusoka zong'ambika. Anali aafupi, olimba, manja ofiira chifukwa cha sopo. Kutchalitchi ankapondako pa Isitala pokha, chifukwa chipembedzo chawo chenicheni chinali ukhondo.

"Kuluza luzani," ankatero potigawira majezi, "koma muluze muli oyera. Anthu asamanene kuti ana a Verna ndi mbola, komanso ndi auve."

Ndipo tinkaluzadi tili oyera. M'ligi yonse munalibe timu yoyera ngati yathu, ndiponso munalibe yogoletsetsa ngati yathu.

M'chaka changa chomaliza, mu Seputembala, mkulu wa zamasewera, a Gord Haldane, anabwera m'chipinda chathu chovalira atanyamula bokosi la madonasi. A Haldane akabweretsa madonasi tinkadziwa kuti kwagwa zovuta.

"Atsikana, yunivesite imakunyadirani kwambiri," anatero. "Ndinu chitsanzo. Ndinu tsogolo. Chifukwa cha chikondi chimenechi, akuluakulu agwirizana kuti mukapanda kukhala m'gulu la matimu anayi olowa m'ndime yachipulula chaka chino, timuyi ipume kaye."

"Ipume mpaka liti?" anafunsa Renee Lavallee, kaputeni wathu.

"Idyani madonasi," anayankha a Haldane.

Timu ya anyamata inali itatha zaka zisanu ndi zinayi osalowako m'ndime imeneyo, koma palibe anaipititsira madonasi. Amene anaisewererapo kalekale ndiwo amagulitsa magalimoto ndi mathirakitala m'tauni muno, ndipo mayina awo ali pamakoma a bwalo. Anyamata ankakonzekera madzulo dzuwa lisanalowe, ife sikisi koloko m'mawa, mphuno zitauma gwa ndi chisanu. Mpaka lero ndikakumbukira zimenezi mtima umandiwawa.

A Haldane atatuluka, a Verna anasesa shuga amene anagwa pansi, n'kunena motsitsa mawu: "Inu mupita kukakhala madokotala. Ine ndili ndi zaka sikisite wanu, ndipo anyamata ali ndi wowachapira wawo. Timu ikatha ndizikachapa chiyani? Makatani?"

Masewero asanu oyamba tinaluza anayi. Kenako Lachisanu lina mu Novembala makina ochapira anangoti phu, kuzima. A Verna analemba kalata ku ofesi yokonza zinthu, ofesiyo inaitumiza ku komiti, komitiyo inati idzakumana. Loweruka tinavala majezi a dzulo lake, onyowa, onunkha, ndipo tinawina zigoli zisanu kwa chimodzi.

Kwathu kuno aliyense amadziwa kuti timu ikayamba kuwina susintha kanthu. Amene anadya supageti adyenso supageti, amene anayamba kuvala nsapato yakumanzere ayambenso yakumanzere. Renee anatenga tepi yomwe timakulunga pandodo, anamata chitseko cha makinawo mopingasa, n'kusayinapo dzina lake.

"Kuyambira lero palibe kuchapa," anatero. "Jezi, masokosi, zamkati, zonse."

"Iwe mwana, mutu ukuyenda bwino?" anakuwa a Verna. "Zamkati zomwe?"

"Amayi, mukufuna timu kapena mukufuna sopo?"

A Verna anaisiya tepiyo pomwepo. Timu ankaifuna kuposa tonsefe.

Tinawinanso, n'kuwinanso. Walira mvula walira matope: pofika sewero lachisanu ndi chimodzi chipinda chathu chinkamveka munthu ali pamalo oimika magalimoto. Dalaivala wa basi ankayendetsa zenera lili lotsegula kunja kukuzizira moti malovu ankauma asanafike pansi. Mtsikana wina wa timu ina anandifunsa podutsa pabenchi kuti, "Kodi asisi, kwanu kwafa chiyani?" A Haldane anayamba kutiyendera, koma ankayankhulira pakhomo, mpango uli pamphuno, kutiuza kuti zimenezi ndi zipatso za ndondomeko yawo ya zaka zisanu. Tsiku lina titaluza, Renee anafufuza mpaka anapeza kuti wina anasintha zingwe za nsapato, ndipo zingwe zakalezo zinakatoledwa m'bini.

Chinsinsi cha a Verna ndinachitulukira mu Januwale, chifukwa cha soseji. Golokipa wachiwiri amamva njala, ndiye ndinkabisa soseji m'gulovu yanga n'kumadya mozemba. Mu Novembala tomato sosi anandidonthera pamkono wa jezi, ndipo banga lija ndinkaliona sewero lililonse, popeza ndinalibe china choyang'ana. Tsiku lina ndinapeza kulibe. Jezi inali kununkha ndithu, koma fungo lake linali pakolala pokha, ndipo linandikumbutsa Khirisimasi.

Ndinawapeza akunola nsapato.

"A Verna, banga langa lili kuti?"

"Banga lanji?"

"La tomato. Pajezi yosachapa banga silisamuka."

Anazimitsa makina onolera, anatseka chitseko, n'kundigwira dzanja mwamphamvu.

"Iwe Marnie, unaona mkono wa Tova mu Disembala?"

Tova ndiye anali golokipa woyamba, amene ankandisunga pabenchi. Ndinati sindinauone.

"Chilonda chotere, chofiira, chotentha, mafinya ali mbuu. Ine ndinagwira kuchipatala, ndinaonapo munthu akudulidwa mkono chifukwa cha kachilonda kochepa kuposa apo. Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Ndikanangokhala?"

Anandifotokozera zonse. Lolemba lililonse, ife tili m'kalasi, ankalongedza zovala zathu m'matumba akuda, kupita nazo kwawo pa kagalimoto kawo, kuchapa maulendo anayi, kuumitsa, n'kuzibweza pamisomali yake atazikwinya bwinobwino. Fungo ndiye linali vuto. Koma Okutobala aliyense a Verna amaviika mitu ya kabichi m'madzi amchere kuti ivunde, yodzakulungira mpunga ndi nyama pa Khirisimasi, monga ankachitira amayi awo. Chaka chimenecho kabichiyo sanafike patebulo. Chidebe chonse anachibisa kuseri kwa mapaipi otenthetsera chipinda chathu, ndipo lisanayambe sewero ankawaza madzi ake pamakolala.

"Moyo wanga wonse ndathamangitsa fungo," anatero, "lero ndikuliweta ngati nkhuku. Ukangoulula, nsapato zako ndizinola mopendeka mpaka udzamalize sukulu."

"Ine sindisewera, a Verna."

"Ndiye ndikauza kochi za soseji."

Ndinatseka pakamwa. Makina ochapira aja anabwera kudzawakonza kumapeto kwa Januwale, komiti itakumana, koma tepi ya Renee inakhalabe pachitseko.

Sewero lomaliza linali Loweruka masana, pakati pa Febuluwale. Tikawina tikhala achinayi, tikaluza timu ipuma. A Haldane anamva kuti mkulu wa yunivesite yonse abwera ndi alendo ndipo adzafuna kutipatsa moni m'chipinda. M'mawa wake, a Verna asanafike, a Haldane anatumiza anthu okolopa. Anthuwo anatsatira fungo mpaka kuseri kwa mapaipi, anakataya chidebe kudzala, n'kupopera mankhwala onunkhira mandimu.

Titalowa tonse tinangoima. Renee anakoka mpweya kawiri, anathamangira jezi yake, n'kuiika pamphuno. Popanda madzi a kabichi inkamveka sopo yekhayekha.

"Ndani wachapa?" anakuwa Renee. "Ndikufunsa! Ndani watipha tsiku la lero?"

Wina anayamba kulira. Wina anakhala pansi atagwira mutu. A Verna anali pakhomo, nsapato zonola zili m'manja.

"Ndine," anatero. "Ndipo si lero. Ndakhala ndikuchapa kuyambira pa naini Disembala, sabata iliyonse, zamkati zomwe. Fungo munkamva lija ndi la kabichi wanga, anali m'chidebe kuseri uko. Masewero khumi mwawina mutavala zoyera mbee. Mwamva? Zoyera!"

Ine pamenepo ndinaganiza kuti nzeru zafika. Munali atsikana awiri ophunzira udokotala, mmodzi wa malamulo, ndi wina amene ankati adzakhala katswiri wa masamu. Ndinkayembekezera kuti wina aseka, tonse tiseka, kenako tiwakumbatira a Verna.

Amene anayamba kuyankhula ndi Tova, mwini mkono uja.

"Ndiye kuti ndi kabichi," anatero pang'onopang'ono.

"Eee!" anakuwa Renee. "Si litsiro ayi, ndi kabichi! Chidebe chili kuti?"

"Zitsiru inu!" A Verna anaponya nsapato pabenchi. "Si kabichi, ndinu! Mumadzuka faifi koloko, mumagwa, mumadzuka, mano akuthothoka! Kabichi anagoletsapo chigoli?"

Ankayankhula ndi misana. Atsikana makumi awiri, ena atavala theka, anali akuthamangira kudzala kuseri kwa bwalo. Wa malamulo ndiye analowamo, madokotala awiri atamugwira miyendo. Chidebe chinatuluka chitayamba kuundana pamwamba, ndipo anabwera nacho akuimba, ngati akuperekeza mkwatibwi. Anachiika pamapaipi kuti chisungunuke, kenako aliyense anaviikamo zala n'kudzipaka pakolala. Musandifunse ngati inenso ndinadzipaka. Ndinadzipaka.

Mkulu wa yunivesite anafika pakhomo ndi alendo ake, anatifunira mafuno abwino m'mawu atatu, n'kubwerera chammbuyo.

Sewerolo linali lowawa. Mpaka chigawo chachitatu, chomwe n'chomaliza, zigoli zinali chimodzi kwa chimodzi, ndipo ine ndinatsegula ndi kutseka kachitseko kaja mpaka dzanja linachita dzanzi, soseji osaikumbuka n'komwe. Tova anatchinga zinthu zimene sindikanatchinga ngakhale m'maloto, ndi mkono womwe uja. Kutatsala mphindi ziwiri Renee anadutsa anthu awiri, anagwa, ndipo ali chogona anakankha kampira ndi nsonga ya ndodo. Chigoli chinalowa. Ndinalira ngati mwana.

A Haldane anatsikira pa ayezi, anatsala pang'ono kugwa, ndipo anauza wa nyuzipepala kuti iwo sanakayikepo. Kenako tinafola kuti tijambulidwe. Chidebe anachikhazika kutsogolo, pakati penipeni, atachiveka chipewa cha timu. Panafunika wina wogwira foni, ndipo Renee anayang'ana uku ndi uku n'kuipereka kwa a Verna. Chithunzicho chilipo mpaka pano pakhoma la bwalo, pafupi ndi mayina a ogulitsa mathirakitala. Ine ndili kumapeto, mano onse pamtunda, ndipo ndikachiona ndimachita manyazi. Sabata yotsatira anatichotsa m'ndime yachipulula pamasewero awiri okha, chidebe chili pomwepo, ndipo Renee anati kabichiyo anasuluka chifukwa chotayidwa kudzala.

Koma tsiku tinawinalo, anzanga atatuluka akuimba, ine ndinatsalira m'mbuyo ndisanavule. Ndinamva phokoso kuchipinda chochapira. Chitseko chinali chotsegula, tepi ya Renee ili pansi yong'ambika, makina akuzungulira. A Verna anakhala pa kireti moyang'anizana nawo, akuonera majezi akugubuduzika m'thovu, misozi ikuyenderera mpaka pachibwano.

"A Verna, pachithunzi paja munayenera kukhalapo ndinu," ndinatero.

"Chithunzi ndichapa nacho chiyani?" Anapukuta nkhope ndi manja ofiira aja. "Vula jeziyo."

"Koma ine sindinasewere."

"Ndikudziwa. Zaka zinayi ndakhala ndikuichapa ili yoyera. Vula msanga, iwe. Chaka chamawa pali mwana wina adzaivala."