NyaLongwe ndi Kalata ya Azisudzo

Hilda Longwe, amene anthu a ku Chintheche ankangomutchula kuti NyaLongwe, anabadwira ku Kande m'banja la asodzi, ndipo anakula ndi chibwibwi. Mawu ankamukakamira pakhosi, makamaka pamaso pa anthu. Kusukulu aphunzitsi ankamudumpha pa nthawi yowerenga mokweza, koma makope ake ndi amene ankawaonetsa kwa ana ena kuti atengere chitsanzo. Atamaliza Fomu 2 anakaphunzira kutaipa ku Mzuzu, ndipo mu 1982 anayamba ntchito mu ofesi ya mpingo ku Chintheche. Mu ofesimo munali tebulo, taipilaita yakuda, ndi makina osindikizira opukusa ndi dzanja, amene ankapaka inki aliyense wowayandikira.

Chaka chotsatira, mphunzitsi wina wochokera ku Ntcheu, a Tobias Kachale, anayambitsa gulu la zisudzo. Munalowa aphunzitsi, asodzi, amayi amvano, ndi antchito a ku esiteti ya mphira, amene ambiri anali ochokera kummwera. Hilda naye anapita. Tsiku loyamba anamupatsa mawu awiri okha oti anene: "Alendo afika." Anaimirira, natsegula pakamwa, koma anathera pa "A-a-a". Anthu anaseka mpaka a Kachale anamenya tebulo. Ambiri ankati sadzabweranso. Sabata yotsatira anamupeza atakhala kale pabenchi, akukopera aliyense mawu ake papepala.

Pa Isitala wa 1984 gululo linachita manyazi. Uthenga wa tsiku la sewero unayenda pakamwa. A ku esiteti anamva kuti Loweruka, asodzi anamva kuti Lamulungu. Loweruka holo ya sukulu inadzaza, koma wosewera mkwati anali panyanja ndi ukonde wake. Anthu anadikira, kenako anabalalika akunyoza.

Lolemba lake Hilda anapita kusukulu ndi pepala limodzi. Pamwamba anali atalemba kuti Kalata ya Azisudzo. Pansi pake panali masiku oyeserera, dzina la aliyense ndi mbali yake, ndi pempho loti amene ali ndi jekete lakale alibwereketse.

"Mwalemba ndinu izi, NyaLongwe?" anafunsa a Kachale.

"Ndi-ndine. Aliyense azilandira lake. Mwezi ndi mwezi."

"Nanga mapepala?"

"A-azibweretsa eni ake."

Abusa anamulola kugwiritsa ntchito makina akaweruka masana. Ntchito yake sinali yamasewera. Ankataipa pa sitensulo, pepala lofewa limene zilembo zimaboola kuti inki idutse, ndipo akalakwitsa ankapaka mankhwala ofiira n'kudikira kuti aume. Akapukusa, ankayala mapepala pansi ponse mu ofesi, ndipo poti analibe zomangira, ankawasoka ndi singano ndi ulusi. Ankalemba m'Chichewa, pakuti a ku esiteti sankawerenga Chitonga, ndiponso zosindikiza za masiku amenewo zinkayenera kukhala m'Chichewa kapena m'Chingerezi. Chitonga chake chinkalowerera apa ndi apo, a Kachale n'kumachikhwatcha ndi cholembera chofiira. Zina ankavomera, zina ankazibwezeretsa mwakachetechete.

Pasanathe zaka ziwiri, magulu a ku Kande, ku Mpamba ndi ku Usisya anapempha kuti nawonso azilembedwamo. Za ku Kande ankanyamula yekha popita kwawo. Za ku Mpamba zinkakwera lole ya esiteti. Za ku Usisya ankapatsira mayi wina wogulitsa usipa, a Loveness, amene ankayenda pa sitima ya panyanja, ndipo zinkafika zikununkha nsomba. Kalatayo inayamba kunenanso za wobereka, wodwala, ndi wojomba poyeserera. Munthu akajomba kawiri, dzina lake linkatuluka, ndipo kachitatu sankajombanso.

Mu 1986 magulu ankakonza sewero lotengedwa m'Malembo, la mfumu yoipa yakale. Hilda, pofuna kufupikitsa, analemba kuti: "Loweruka pa 14 mfumu iphedwa. Onse afike msanga." Za ku Kande zinali zitapita kale pamene pepala limodzi linafika m'manja mwa a Mizeck Manda, wapampando wa chipani wa deralo. Anamuitanitsa.

A Manda sanali munthu wankhanza. Anali munthu wamantha chabe.

"Mwana wa a Longwe, iwe ukufuna tonse tikafere kundende? Mfumu yake iti imene ikuphedwa pa 14?"

Hilda anali atanyamula sewero lonse, lokhala ndi chidindo cha amene ankaloleza masewero ku Blantyre. Analitsegula pa tsamba lomaliza n'kuyamba kufotokoza. Mawu anavuta kuposa masiku onse. Koma sanasiye, ndipo sanalole kuti a Kachale, amene anaima pakhomo, amuyankhulire. A Manda anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ine ndamva," anatero. "Koma wina akaliwerenga ku boma sadzakufunsa. Mwapereka angati ku Kande?"

"Khu-khumi ndi awiri, Ada," anayankha, kuwatchula bambo m'Chitonga.

"Ndiwafuna onse pano mawa."

Hilda anakwera njinga ya abusa dzuwa lili pamutu. Ku Kande anayenda khomo ndi khomo, kumadimba, mpaka kumene amayi ankaviika chinangwa. Anapeza khumi ndi limodzi. Lomaliza linali ndi mkulu wina wosewera mlonda, amene anavomera mwamanyazi kuti anapichirira fodya. Hilda anamuuza kuti avale malaya, ndipo m'mawa mwake anafika naye kwa a Manda kuti akanene yekha. A Manda anatentha mapepalawo kuseri kwa nyumba. Madzulo omwewo Hilda anataipanso sitensulo ina: "Loweruka pa 14 tidzayeserera gawo lomaliza." Kuyambira pamenepo kalata iliyonse inkayamba yadzera kwa a Manda, ndipo ikachedwa iwo ndi amene ankayamba kudandaula.

Chovuta chenicheni chinadza mu 1989, pamene kunabwera lamulo loti aphunzitsi azikaphunzitsa m'zigawo za kwawo. A Kachale ndi aphunzitsi ena anayi a m'gululo anauzidwa kuti alongedze. Hilda anawaperekeza kumsewu, atawasenzera katoni ya mabuku.

"Zatha basi, NyaLongwe," anatero a Kachale basi ikuyandikira. "Zaka zisanu ndi chimodzi zapita m'madzi."

"Mu-mukakhazikika, mutumize sewero."

"Loti asewere ndani?"

"Inu mutumize."

Anthu anazizira. A ku esiteti analeka kubwera, poganiza kuti eni dera sakuwafunanso. Asodzi ankati popanda aphunzitsi palibe chochita. Tsiku lina loyeserera kunabwera anthu atatu okha. Ngati kuti zimenezo zinachepa, makina opukusa anathyoka chitsulo cha m'kati, ndipo mmisiri wa ku Mzuzu anati chitsulocho sichikupezeka.

Hilda anatenga mapepala a kaboni. Taipilaita inkatha kutulutsa makope asanu nthawi imodzi, akamenya zilembo ndi mphamvu, ndipo lachisanu linkaoneka mwa apo ndi apo. Tsamba lililonse ankalitaipa kasanu ndi kamodzi kuti akwanitse makumi atatu, anthu aziwerenga awiriawiri. Zala zinatupa. Mayi ake atamuona ku Kande anamufunsa kuti akuzunzikiranji ndi gulu loti linafa kale. Iye anangoviika manja m'madzi ofunda, Lolemba n'kubwerera ku ofesi.

Patapita miyezi itatu, envelopu yaikulu inafika kuchokera ku Ntcheu. Munali sewero la abale awiri olimbirana ukonde wa malemu bambo awo, lodindidwa kale ku Blantyre. Linali ndi magawo anayi. Hilda anaganiza zoti gulu lililonse litenge gawo limodzi, liziyeserera kwawo, onse adzakumane pa tsiku lomaliza. Anayamba kulitulutsa m'kalata pang'onopang'ono, masamba awiri mwezi uliwonse.

Za ku esiteti sanazipatsirenso lole. Anapita nazo yekha Lamulungu masana, mpaka kunyumba za antchito. Kapitawo wa ocheka mphira, a Dyson a ku Mulanje, amene kale ankasewera mbali zoseketsa, anamulandira ataima.

"Ife timati simutifunanso, amayi. Anzathu aja anapita, ifenso mwina mawa atiuza kuti tinyamuke."

Hilda anatsegula kalata, nawalozera. Gawo lachitatu linali ndi mayina awo asanu ndi awiri, la a Dyson lili pamwamba.

"Mwatilemba musanatifunse?"

"Mu-mukakana, ndifufuta."

A Dyson anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Kenako anaitana mkazi wawo kuti atulutse mpando.

Chinatsala ndi wotsogolera. Pakati pa aphunzitsi amene anabwezedwa kumpoto panali a Edwin Thole a ku Tukombo, amene anaphunzitsa ku Zomba zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo kumeneko ankadziwika ndi zisudzo za ana asukulu. Anabwera ndi mtima wowawa, atasiya nyumba ndi munda. Hilda atawapempha, anayankha motsitsa mawu kuti iwo zoseweretsa anthu anazisiya ku Zomba. Iye anangothokoza m'Chitonga kuti "Yewu, Ada," n'kutuluka. Koma mwezi uliwonse ankasiya kalata pakhomo pawo, ndipo ankaonetsetsa kuti ndi kope lapamwamba, lowerengeka bwino.

Mwezi wachinayi a Thole anatulukira mu ofesi ya mpingo, kalata ili m'manja.

"Ndani akuyendetsa gawo lachiwirili? Mwalemba kuti mkulu alowe kumanja, mng'ono alowenso kumanja. Anthu odana salowera khomo limodzi."

"Pa-palibe akuyendetsa."

"Ndiye n'chifukwa chake." Anayang'ananso kalatayo. "Amakumana liti?"

Hilda anawalozera mzere wa masiku, umene iwo anali atauwerenga kale.

A Thole anali ovuta kugwira nawo ntchito. Ankakalipa, ankasintha zinthu, ndipo kawiri anamuchititsa Hilda kutaipanso tsamba lathunthu. Koma ankakwera njinga mpaka ku Kande, ankakwera lole mpaka ku Mpamba, ndipo a ku Usisya ankawalangiza kudzera m'kalata momwemo, a Loveness n'kumabwera ndi mayankho olembedwa kuseri kwa mapepala.

Sewerolo linaonetsedwa mu Ogasiti 1990. A ku Usisya anafika kutatsala masiku awiri, poti sitima sinkayenda tsiku lililonse, ndipo anagona m'kalasi. Magulu anayiwo anayeserera limodzi kamodzi kokha. Sizinayende bwino zonse. Wosewera mkulu ku Mpamba anali wamfupi, wa ku Usisya anali chimphona, kotero gawo lachinayi litayamba, mayi wina anakuwa kuti, "Wakula liti ameneyu?" ndipo holo yonse inagwa ndi phwete. Koma pamene abale awiriwo anang'amba ukonde pokokerana, n'kutsala aliyense ndi chidutswa chopanda ntchito, munali zii. A Manda anakhala kutsogolo, chipewa chili pabondo. Hilda anaonera ali kuseri, atanyamula zovala za osewera.

Mawa lake analembera a Kachale masamba anayi, kuwafotokozera zonse. Yankho linabwera patatha milungu itatu. Anathokoza m'mizere iwiri, kenako anadzaza tsamba lonse kudandaula kuti a Thole anadula mawu a mkazi wamasiye m'gawo lachiwiri. Hilda anaonetsa a Thole, a Thole analemba yankho lawo, ndipo iye anatulutsa makalata onse awiri m'kalata ya Okutobala, moyandikana. Mkangano wa aphunzitsi awiriwo, amene anali asanaonanepo maso ndi maso, unatenga miyezi isanu, ndipo mamembala ankaulimbirana kuwerenga. M'kati mwa miyezi imeneyo gulu la achinyamata a ku Tukombo linalemba kupempha kuti nalo lilowe, ndipo Hilda anawonjezera tsamba lina pa kalatayo.

Anapitiriza ntchitoyo mpaka 1996, pamene maso ake anayamba kuchita chidima ndipo adokotala anamuletsa zolemba zing'onozing'ono. Anabwerera ku Kande, kumene analima chinangwa ndi kulera ana a mchemwali wake. A Kachale anadzabwera kamodzi kudzacheza atapuma ntchito, ndipo anagona masiku atatu kwa a Thole ku Tukombo.