A Tangoyerekezani

Ana amawatchula kuti a Tangoyerekezani. Ndi aphunzitsi a sayansi, mutu uli mbuu ndi imvi, ndipo mu labu yawo muli mabotolo opanda kanthu ndi akangaude basi. Amathira mphepo kuchoka m'botolo lina kupita m'linzake, nkhope ili gwa, n'kunena kuti, "Tangoyerekezani kuti madziwa afiira." Ana amayerekezadi, ndipo mayeso amakhoza.

Chaka chino sukulu inagula mankhwala enieni. Madalawo anathira kadontho m'botolo la madzi, uku akuopa kuti mwina zaka zonsezi akhala akunamiza ana a eni ake. Madzi aja anafiira psuu.

"Lero tiyerekeze chiyani, aphunzitsi?" anafunsa mtsikana wina.

Sanamumve n'komwe. Anavula magalasi n'kuyang'anitsitsa botololo.

"Kani zimachitikadi?" anatero chapansipansi.