Tsiku Limene Mayi Anaimbira Wailesi

M'chaka cha masankho chimenecho ndinali nditangoyamba kuphunzitsa ku boma la Chadiza, ndipo Loweruka ndinkapalasa njinga kupita kwathu ku Zingalume. Ndinkawapeza mayi pansi pa mtengo wa mango akuswa mtedza, wailesi yawo ya sola ili chikolekere panthambi. Anzawo a m'chigwirizano cha amayi kutchalitchi ankabwera ndi malichero kudzakhala nawo. Ambiri sankatchera khutu kwenikweni kwa wowerenga nkhaniyo. Ankadikira kuti amalize, kenako n'kufunsa mayi kuti tsono akutanthauzanji, ndipo zimene mayi ayankha ndizo zinkakafika kuchitsime ndi kuchigayo.

Nyengo imeneyo wailesi inakakamira nkhani zake: mtengo wa petulo ndi mikangano ya akuluakulu a ku Lusaka. Sinkatiuza woti timuvotere ayi. Koma m'mudzi mwathu, momwe munalibe mwini galimoto ndi mmodzi yemwe, amuna ankatsutsana za petulo mpaka kusiyana osatsanzikana. Opikisana nawonso akabwera kudzachititsa misonkhano ankangobwereza zomwezo.

Pakati pa mudzi wathu ndi chipatala pali mtsinje. Chilimwe mwana amaudumpha, koma dzinja ukadzaza ngolo siitha kuwoloka. Dzinja la chaka chimenecho mkazi wa mlongo wanga anachirira m'ngolo m'mbali mwa mtsinjewo, mayi atamutchinga ndi chitenje kuti mvula isamugwere. Mwana anakhala moyo, koma mayi anga atabwerako nkhaniyo sankaikamba.

Loweruka lina, pulogalamu yoimba foni itayamba, mayi anasiya mtedza n'kunena kuti miyezi yonseyi amvera wailesi koma mawu oti mtsinje sanawamvepo. Anandiuza kuti ndiwabwereke foni yanga. Bambo, amene ankakonza mpini chapafupi, anakana. Anati anthu adzatinena kuti ndife a chipani chakuti, ndipo dzina likangoipa pa ndale silichapika. Inenso mtima unali m'mwamba, popeza ndinali wantchito wa boma. Mayi anatimvera tonse mpaka kumaliza, kenako anati sakatchula chipani, akangonena zimene maso awo anaona.

Kwathu netiweki imagwira pachulu chakuseri kwa khola. Mayi anamanga chitenje molimba n'kukwera, ine pambuyo. Tinaimba, foni n'kumangotiuza kuti pali wina. Tinaimbabe. Nditayamba kuganiza zoti titsike, inalowa.

Chimene sindiiwala n'chakuti mawu awo ndinkawamva kawiri: pambali panga, ndiponso chapansipansi kuchokera ku mtengo wa mango, atachedwa pang'ono. Anapereka moni mwaulemu ngati aima kutsogolo kwa mpingo. Anafotokoza za ngolo ija, za ng'ombe zimene zinakana kulowa m'madzi, ndi za mdzukulu wawo amene anabadwira pamatope.

Mnyamata wa pa wailesiyo anafunsa kuti, "Ndiye inuyo mayi, ndi chipani chiti chimene mukuona kuti chingakuthandizeni?"

"Mwana wanga, tsiku lija madzi sanatifunse chipani," anatero mayi. "Aliyense wofuna voti yathu abwere adzaime pamtsinjepo, atiuze kuti tiziwoloka bwanji."

Titatsika tinapeza amayi aja ali chiimire, malichero ali pansi, nkhuku zikudya mtedza popanda woziingitsa. Mmodzi anayamba kululutira, enawo n'kulandira. Bambo anali atasiya mpini uja n'kusendera pafupi ndi wailesi. Kenako anaikweza.

Amene anaimba pambuyo pa mayi anali bambo wina wa ku Mlolo, ndipo anati nawonso ali ndi mtsinje wawo wovuta. Sabata yotsatira pulogalamu yonse inali ya mitsinje ndi misewu ya kumidzi. Lolemba kusukulu ndinapeza aphunzitsi anzanga akukambirana za mayi a ku Zingalume aja, osadziwa kuti mwana wawo ali pomwepo. Ndinawasiya akambe kaye, kenako ndinawauza kuti amenewo ndi mayi anga ondibereka.

Opikisana anabweradi. Woyamba anafika ndi galimoto ya zimkuzamawu n'kukaima pamtsinje, nthawiyo uli mchenga wokhawokha. Winanso atamva anabwera, nayenso za mlatho zili pakamwa. Mmodzi anatuma anyamata ake kuti akatenge mayi adzakhale pampando wakutsogolo, atawakonzera chitenje cha chipani. Mayi anathokoza, n'kunena kuti akhala pamphasa ndi anzawo kuti amve bwino. Tsiku lovota analawirira m'mamawa, ndipo amene anamusankha sanauze munthu, ngakhale bambo.

Mlatho sunabwere msanga. Dzinja linadutsa, linanso n'kudutsa, wopambanayo ali zii. Koma amayi a m'chigwirizano anali ataidziwa njira. Ankasinthana kukwera pachulu paja kukakumbutsa, wina sabata ino, wina sabata yamawa, mpaka mnyamata wa pa wailesi ankawazindikira mawu asanadzitchule. Pamapeto pake panamangidwa kamlatho kotsika ka simenti. Mvula ikachuluka madzi amadutsa pamwamba pake, koma akaphwera pang'ono ngolo imawoloka.

Masiku ano mayi akalamba, ndipo nkhani za ndale zimawapeza kudzera pa mafoni a adzukulu awo, mawu ojambulidwa a anthu osaoneka nkhope. Amamvetsera mpaka kumapeto, kenako amafunsa kuti wolankhulayo ndani, ndi wa mudzi uti, nanga zimene akunenazo anaziona yekha kapena anachita kumva. Mdzukulu akalephera kuyankha, amamuuza kuti asatumize kwa wina kufikira atadziwa.