Dambo la Alesi Nakoma

Alesi Nakoma anafika ku Thyolo ali kamtsikana, atayenda pansi ndi amayi ake kuchokera kudziko lolamulidwa ndi Apwitikizi, ndipo anakulira m'mizere ya tiyi, dengu lili kumsana. Anali munthu wosayankhulayankhula. Koma mukamupeza ku dambo la kumunsi kwa esiteti, ha, mumadabwa kuti pakamwa pameneponso wapabwereka kwa yani! Ankadziwa maiwe onse atatu ndi tinjira ta m'bango tosatitimira. Ankadziwa pomwe katumbu amadyera nkhanu, pomwe atsekwe amaikira, ndi mtengo wa chisa cha nantchengwa. Mkazi wa mzungu mwini esitetiyo akalandira alendo ofuna kuona mbalame, ankaitanitsa Alesi kuti awatsogolere, ndipo ankabwerako nsapato zili zouma.

Panali kanjira kamodzi komwe sankapitako ndi mlendo. Kumeneko, pachinyontho, amayi a pa esiteti ankaika nthayo, ana obadwa atafa kale. Amaika amayi okhaokha, osakumba mozama, ndipo mwamuna sauzidwa malo ake. Akuluakulu ankati malowo akauma kapena kufukulidwa, mimba ya mayiyo imaumanso. Alesi anali ndi ana awiri kumeneko, ndipo m'chaka cha 1928 anali woyembekezera kachitatu.

Chaka chomwecho mzungu analamula kuti akumbe ngalande, dambo liume, abzalepo tiyi. Ntchitoyo anaipereka kwa kapitawo Stewart Mulipa, bambo waukali amene mawu ake ankamveka kutsidya kwa mtsinje. Alesi ataona chingwe choyezera chalunjika kanjira kaja, anasiya kuthyola tiyi. Anatula dengu, natsetsereka, nakaima kutsogolo kwa makasu a amuna okumba ngalandeyo.

"Mayi, chokani apo," anatero Stewart. "Mwatopa nayo nyumba ya pa esiteti?"

Aliyense ankadziwa kuti wokana ntchito amagwetseredwa nyumba. Alesi ankadziwanso, koma sanasunthe. Kenaka anatchula mawu amene mkazi satchula pamaso pa amuna.

"Pano pali nthayo, a kapitawo."

Amuna aja anayamba kuika makasu pansi mmodzimmodzi, maso ali kumbali ndi manyazi. Abale, mtima ngati wa Alesi sugulidwa pamsika! Stewart anawakalipira, koma panalibe wotola khasu.

"Ndithamangitseni ngati mukufuna," anatero Alesi, "koma mukumbe nokha."

Mkazi wa Stewart nayenso anapita padera dzinja lapitalo, ndipo Alesi anali mmodzi mwa amayi amene ananyamula kamwanako. Stewart anayandikira, natsitsa mawu kuti anzake asamve.

"Nanga mwana wathu uja munamugoneka pati?"

Alesi anayang'ana pansi. Mwambo sunkalola kuti anene, koma anamumvera chisoni bamboyo.

"Sunthani phazi lamanzerelo, bambo."

Stewart anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, navula chipewa. Anazula yekha zikhomo za chingwe, n'kukauza mzungu kuti kumunsiko kuli matope omeza munthu. Ngalande inakhotera kumtunda, dambo n'kutsala ndi madzi ake. Alesi anatola dengu lake, nabwerera kukathyola tiyi ngati palibe chachitika. Patapita miyezi iwiri anachira, ndipo mwanayo atabadwa analira.